Mkanjo Wouluka Popanda Mphepo

Lolemba, 3 Malichi
Tinalipo atatu mushopu: ine, mayi a ana, ndi mng'ono wawo, mlamu wanga wojambula uja. Wabwera ndi kabuku ka makatuni kojambula yekha. Nkhani ya mfumukazi yokhala pamwamba pa mitambo. Akuti ena akufuna kupangapo filimu, ndipo mkanjo wa mfumukaziyo ndisoke ine. Ine, telala wa zigamba ndi mayunifolomu! Kabukuko ndakawerenga kawiri. Mawu ochepa, koma maso a mfumukazi akulankhula okha. Tsamba 9: yaima pansonga ya nyumba, mkanjo wofiira utatambasukira kumanzere. Kukongola kwake!

Lachitatu, 5 Malichi
Mlamu anatitengera ku filimu ya zinjoka zamapiko kuti ndikaone mavalidwe. Chinjoka chitayasamula, ine mutu kuseri kwa mpando. Mlamu: "Amuna athu akuthawa chithunzi!" Mayi a ana kuseka mpaka misozi. Koma zovala zija! Msoko wosaoneka ndi umodzi womwe.

Loweruka, 8 Malichi
Lamulo langa ndi lakale: kasitomala akabweretsa chithunzi, soka zomwe ukuona, nzeru zako usiye. Pa tsamba 9 mkanjo suloza pansi, uli chammbali. Nsalu payokha ikungogwa. Ndalowetsa waya wa mpanda m'mipendero, mizere itatu. Waima! Zala zatupa, mtima uli mbee.

Lachiwiri, 11 Malichi
Mlamu wauona. Anangokhala pansi, dzanja pakamwa. "Alamu, imeneyo ndi mphepo! Ndinajambula mphepo!" Kani mkanjo umayenera kungolendewera, a filimuwo akaupemerera ndi fani yaikulu. Nsalu yofiira yatha, kujambula ndi Lachisanu. Amene ananditchula kwa bwana wa filimu ndi iye. Bwanayo akaukana, manyazi ndi a mlamu, mwina ndi ntchito yomwe.

Lachisanu, 14 Malichi
Nyumba yojambulirako! Galasi lokhalokha, yopindika ngati chigoba cha nkhono, ngodya ndi imodzi yomwe ayi. Mitambo ikuyenda pakhoma. Masitepe ngati akulendewera m'malere. Omangawo anayeza bwanji? Mantha ndinayamba ndawaiwala.

Mkanjo unakana kulowa pachitseko chozungulira. Mlonda: "Madala, mwabwera ndi denga?" Tinadzera khomo la katundu, chopendeketsa.

Padenga tinapeza bwana wa filimu, amene onse amangoti Wandevu. Anauzungulira mkanjo. Mlamu maso pansi. Mtsikana wosewera mfumukazi anauvala, naima m'mphepete. Wandevu anasuzumira mu kamera, anatsegula tsamba 9, anasuzumiranso. Kenaka: "Zimitsani faniyo, ikungosokosa."

Mlamu ananditsina pamkono mpaka pano pakuwawa. Anandiitana kuti ndione nawo pakagalasi ka kamera. Tsamba 9 lenileni, koma likupuma! Misozi inatsika, ndinanamizira dzuwa.

Lolemba, 17 Malichi
Wandevu akufunanso mikanjo ya asilikali, yonse yawaya. Mlamu wabwera ndi tsamba 22: mfumukazi yavala chisoti, pamwamba pake malawi lawilawi. Ulendo uno ndayamba ndafunsa ngati motowo ndi wosoka kapena akauyatsa okha. Iye kuseka: "Sokani zomwe mukuona, alamu."

Mayi a ana apita kukafuna nsalu yachikasu. Waya ulipo wotsala.