Malamba Awiri ndi Waya wa Buleki

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi msana uja unasiya kukuvutani, kapena mukungolimbikira nawo pa benchi yosokera nsapato monga mwa masiku onse? Nanga amayi, maso aja akuona bwanji? Ine kuno ndili moyo. Thupi lilibe vuto, kupatula mapewa, ndipo chifukwa chake muchimva.

Ndalemba pa pepala chifukwa foni yanga simuyankha. Sindikukudandaulani ayi, mlandu wanga ndikuudziwa. Ndangoganiza kuti pepala mungathe kulisiya pa benchi masiku awiri atatu, kenako n'kuliwerenga mtima utatsika. Adalaivala a thiraki amene akupatseni kalatayi akupatsaninso kaphukusi. Musakamasule musanamalize kuwerenga.

Ntchito ikadali yomwe ija yoperekera katundu pa njinga yamoto. M'mawa timasonkhana ku depoti, ndipo kapitawo wathu, mayi wina wamfupi yemwe sindinaonepo mano ake, amatigawira maphukusi ndi mndandanda wa makomo. Njingayo ndi ya kampani, kachipinda komwe ndimagonanso ndi ka kampani. Kumbuyo kwa njinga kumalendewera zikwama ziwiri zachikopa, china uku china uku, zomangirira pa malamba odutsa pansi pa chishalo. M'menemo ndi momwe mumalowa zonse: makalata a m'maofesi, mankhwala, magalasi a maso, tizitsulo ta makina. Zikwamazo zikasowa ndiye kuti ntchito yasowa, pogona pomwe pasowa.

Tsono zinandisowapo kale, miyezi iwiri yapitayi. Mukamva mmene zinasowera museka, ndipo ndakulolani.

Nditangoyamba ntchitoyi anzanga anandichenjeza za akuba. Ine ndi nzeru zanga zija ndinagula maloko awiri onyezimira n'kukhoma zivindikiro za zikwama. Ndinkayenda chifuwa patsogolo ngati ndatseka banki. Ananenanso kuti mumzinda muno munthu sasungitsa katundu kwa munthu yemwe sakumudziwa, ndipo lamulolo ndinalisunga chaka chathunthu.

Tsiku limenelo masana ndinafika pa nyumba ina yayitali ya maofesi. Pa masitepe a pakhomo panakhala bambo wina wovala bwino, akuwerenga nyuzipepala. Ndisanazimitse n'komwe njinga, anayamba ndi iyeyo kundipatsa moni. Anandifunsa ngati dzuwa silikundiwawa m'chisoti chimenechi, anafunsa kwathu, anafunsanso ngati makolo ali moyo. Achimwene, panali patapita masabata angapo munthu asanandifunse kanthu kena koposa poti asayine. Mtima wanga unangoti myaa. Ndinachita zomwe timachita kwathu tikafuna kulowa m'sitolo: ndinamupempha kuti andionereko njinga pang'ono. Anati ndipite, ndisade nkhawa.

Nditatsika ndinapeza njinga ili chiimire, koma itaonda ngati nkhuku yososola. Malamba anali atadulidwa ndi lezala, mwaukhondo kwambiri. Zikwama zapita, maloko anga ali chikhomere, makiyi ali m'thumba mwanga. Bamboyo anangondisiyira nyuzipepala. Ndinaima kakasi makiyi ali m'manja, osadziwa choti nditsegule. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndikukwera masitepe muja ndinkakonza zoti ndikatsika ndicheze nayenso pang'ono.

Ku depoti anzanga anaseka mpaka misozi, ndipo mpaka lero amanditcha Tandionereni. Kapitawo sanaseke. Anati ndinachita kumuuza ndekha wakubayo kuti katundu ali apa ndipo mwini wake achedwa. Anandipatsa zikwama zina, n'kunena kuti zikadzasowanso, makiyi a njinga ndidzangowasiya pa tebulo lake osadikira kuitanidwa.

Kuyambira tsikulo zikwama sindizisiya. Pa khomo lililonse ndimazimasula, n'kuzikoleka m'mapewa, n'kukwera nazo ngati bulu. Makomo ake amakwana makumi atatu pa tsiku. Nyumba zina lifiti ndi ya anthu a mataye, ife amatilozera masitepe a kumbuyo, kumene kumanunkha penti ndi madzi okolopera. Ukafika pamwamba thukuta lili kamukamu, chitseko chimatseguka pang'ono, dzanja limatuluka, limalandira, limasayina, chitseko n'kutsekeka. Ndikudziwa manja a anthu ambiri mumzinda muno, koma nkhope ndi zochepa.

Vuto ndi lakuti kumasula ndi kumanga kumeneku kukundichedwetsa. Anzanga amamaliza mndandanda dzuwa likadali pamwamba, ine ndimabwerera ndi maphukusi atatu anayi osaperekedwa. Sabata yatha kapitawo anandiitana. Anati kampani sinalembe ntchito bulu, inalemba munthu wa njinga, ndipo mwezi wamawa ukatha ndikuchedwabe, njingayo aipereka kwa wina. Ndiye ndagwira njakata: ndikazisiya aba, ndikazinyamula ndichedwa.

Lamulungu sitigwira ntchito, ndipo ndilo tsiku lalitali kuposa onse. M'kachipinda kanga muli bedi, mpando umodzi, ndi msomali wopachikapo chisoti. Zenera linayang'anizana ndi khoma la nyumba ina. Woyandikana naye ndimamudziwa chifuwa chake ndi wailesi yake, koma sitinakumanepo pa khomo. Tsiku lina m'mawa ndinadzipeza ndikufunsa njinga kuti yadzuka bwanji. Ndinacheuka kuona ngati wina wandimva, koma panalibe ndi wondiseka yemwe. Ndimasungulumwa, achimwene. Sindinakuuzenipo, lero ndanena.

Amene wandipatsa nzeru ndi makaniko wa ku depoti, mdala wina wosalankhulalankhula. Anandiona ndikudzitikita mapewa, n'kundiitanira kumbuyo komwe amasungirako zitsulo. Anati loko amateteza chivindikiro, koma wakuba safuna chivindikiro, amafuna lamba. Anandipatsa mawaya akale a buleki, aja opota ngati chingwe. Anati ndiike waya pakati pa zikopa ziwiri n'kusoka mbali zonse kuti likhale lamba limodzi, nsonga za wayayo zizungulire chitsulo cha njinga n'kukakumana pa loko pansi pa chishalo. Wakuba wa lezala amakhala ndi mphindi imodzi yokha. Akamva lezala lakukuta chitsulo, amapita kukayesa njinga ina. Anandiuzanso kuti ndiziimika njinga mogundiza khoma, poonekera anthu. Koma pa zosoka anakweza manja, anati imeneyo si ntchito yake.

Ndinazungulira kwa osoka nsapato atatu. Woyamba anatulutsa guluu. Wachiwiri anati makina ake angathyoke singano pa wayayo. Wachitatu sanadzutse n'komwe mutu. Ndiye ndinati, ine si mwana wa msoki kodi? Ndinagula singano ya ngowe ija, ulusi ndi phula, n'kukhala pa bedi Lamulungu lonse. Zala zinatuluka matuza, koma nditamaliza ndinadzitama.

Lachitatu lake, ndili pa mphambano pakati pa magalimoto, ndinamva chinthu chikukwekwereza kumbuyo. Kunjenjemera kwa njinga kunadya ulusi pamalo amodzi, ndipo msoko wonse unangoti pululu mpaka kumapeto. Waya anatuluka, chikwama chili pansi, magalimoto akuimba mahutala. Mwamwayi munalibe chosweka. Ndinakankhira njinga pambali, ndinakhala m'mphepete mwa msewu, ndipo ndi pamenepo pomwe ndinakumbukira manja a malemu bambo.

Inu mukudziwa. Akasoka misoko inayi, pa wachisanu ankabwerera m'mbuyo n'kuchita kanthu kena ndi chala chachikulu, kenako n'kukoka mpaka mfundo italowa m'kati mwa chikopa. Ankati msoko wotero ngakhale uduke pakati, suthawa. Ndimaona dzanja lawo likubwerera, ndimamva ndi kulira kwa ulusi akamakoka, koma chimene chala chija chinkachita sindikuchidziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinakhala pa benchi imeneyo ndikupaka ulusi phula, maso ali ku msewu kuwerenga magalimoto. Inu munkayang'ana manja awo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine langa ndadya lokwanira.

Sindinaiwale zimene ndinanena tsiku lonyamuka, zoti ine sindidzakalamba ndikununkhiza mapazi a anthu. Ndinanena bambo ali pomwepo, nsapato ya munthu ili pa bondo. Iwo anangopitiriza kukoka ulusi. Inu ndi amene munadzutsa mutu. Ndiponso pa nthawi ya maliro awo ndinakuuzani kuti kuntchito andikaniza kubwera. Linali bodza. Sindinapemphe n'komwe. Ndinachita manyazi kufika chimanjamanja pamaso pa anthu amene anandimva ndikudzitama, ndipo manyaziwo ndinawaika patsogolo pa bambo anga. Ndinalakwa, achimwene. Ndinalakwira iwo, ndinalakwira amayi, ndinakusiyirani inu mtolo wonse.

Tsopano masulani kaphukusi kaja. Muli zikopa zinayi zomwe ndadula kale pa muyeso wake, ndi mawaya awiri. Ndalemba ndi choko pomwe waya atulukire. Pempho langa ndi limodzi. Lamba loyamba mundisokere lonse, ndi msoko wa bambo. Lachiwiri mungoliyamba, misoko khumi kapena khumi ndi isanu, ndipo pa mfundo yomaliza musakoke. Muisiye yotseguka, ulusi uli lende, kuti ndione pomwe walowera ndi pomwe watulukira. Kotsalako ndimaliza ndekha. Ndikalakwitsa ndimasula, ndiyambirenso, Malamulungu ndili nawo ambiri.

Adalaivalawo akuti adzadutsanso kwathuko pakatha masabata awiri, ndipo kuno adzafika mwezi wamawa usanafike pakati. Malambawo akafika nthawi imeneyo, njinga ndiisunga.

Ngati mtima wanu sunalole, palibe mlandu, ndipo sindidzakuvutitsaninso. Koma musawataye, musawagwiritsenso ntchito ina. Muwakulunge momwemo osasoka, mulembe dzina langa pamwamba ndi dzanja lanu, muwapatse adalaivalawo. Ndakwera masitepe a mzinda wonse uno ndi maphukusi a anthu ena, ndipo chibwerereni kuno sindinasayinirepo langa.

Mundiperekere moni kwa amayi. Za zikwamazi musawauze, angasowe tulo, mungowauza kuti ndikudya bwino. Moni kwa alamu, ndikuwathokoza posamalira amayi. Moni kwa achemwali ndi amuna awo, kwa amalume, ndi kwa ana onse, ngakhale wamng'ono uja yemwe sanandionepo.

Tsalani bwino, achimwene. Ndikhala ndikuyang'ana ku msewu.

Ine mng'ono wanu,
Chimutu