Deliya wa M'mbali mwa Njira

Lolemba, 2 Disembala

Mvula yamphepo. Mpanda wa udzu wagwa wonse, chiswe chinali chitaudya kale kunsi. Khonde langokhala pamtetete, njira ya kumsika wa Domasi pomwepo. Amuna anga, bambo a Flora, akana kutuluka. Chiwagwireni sitiroko, dzanja lamanja ndi pakamwa sizinabwerere. Safuna odutsa aziwaona ndikuwapukuta malovu. Chonsecho kuchipatala anati akufunika dzuwa ndi kuyenda pang'ono tsiku lililonse. Lero kutandala kuchipinda, maso kukhoma.

Lachinayi, 5 Disembala

Enock, mwana wathu, pafoni kuchokera ku Blantyre: "Mangani wa njerwa, amayi." Simenti agula ndani? Ndangoseka. Udzu nyengo ino kulibe. Ndafunsa za mpanda wa zomera, heji wa timasamba tachikasu, kwa ogulitsa mbande ku Zomba. Wokongola, koma wodula, komanso akuti amakula mwaulesi. Nkhadze ndi yaulere, koma utomoni wake ndi maso a zidzukulu zanga, ayi.

Lolemba, 9 Disembala

Mayi Munira, a kuseri kwathuku, atulukira ndi mtolo wa timitengo ta deliya pamutu. "Ingobayani pansi, anzanga, ameneyu safuna kumunyengerera." Tabzala mizere iwiri mothithikana, apa ndi apo mitengo ya gilisidiya kuti idzakhale ngati mizati. Ndalama akana. Tiyi ndi chinangwa sanakane. Msana ukuwawa, koma mtima uli m'malo.

Lamulungu, 19 Januwale

Deliya wafika m'chiuno. Mbuzi za eni zangonunkhiza n'kupita, masamba ake ndi owawa. Ndadula nsonga kuti achite nthambi zambiri, zodulazo ndaponya m'dimba. Bambo a Flora asuzumira pawindo. Kanthawi kochepa chabe. Koma asuzumira.

Loweruka, 8 Malichi

Deliya wandipitirira msinkhu. Ndipo lero bambo a Flora atuluka! Okha, ndi ndodo, mpaka pampando wa pansi pa mpapaya. Ine ndimasankha mpunga, ndachita ngati sindikuona. Kulira ndakalirira kukhitchini. Phala amwa ndi dzanja lamanzere, lina lathera pamalaya, eni ake akuseka. Za panjira tikungomva mawu ndi mabelu a njinga.

Lachitatu, 26 Malichi

Akumayenda kuchoka pakhonde kukagwira mpanda n'kubwerera. Chakudya chikulowa. Alendo okha ndiye akuwakanabe, ngakhale a Jonasi, amene anaimba nawo kwaya ya kutchalitchi chiyambire unyamata. Ndatopa kunama kuti agona.

Loweruka, 12 Epulo

Mpanda wonse maluwa achikasu, njuchi zili yakaliyakali. Chakumasana munthu wadutsa panjira akukankha njinga, akuimba nyimbo ya Pasaka chapansipansi. Bambo a Flora ali pampando wawo, ndangomva alowetsa besi. Mawu osamveka bwino, koma besi yomwe ija. Njinga yaima. Kenako kuseri kwa masamba: "A Yoswa, ndinu?" A Jonasi, akuitana amuna anga. Ine ndimati athawira m'nyumba. Iwo ayi, apitiriza ndime yachiwiri, winayo n'kulandira, osaonana nkhope. Itatha anditembenukira: "Mayi a Flora, katsegulireni alendo."

Ndikulemba ndili kukhitchini, madzi ali pamoto. Panjapo akuimbabe. Makapu abwino aja ndinawaika kuti?