Awiri pa Nambala 14

Lolemba, 19 Ogasiti

Zatsimikizika. Mwini pulazi watsopano akufuna kulima fodya wothirira pamene pali manda athu, kuseri kwa komboni. Akufa onse asamutsidwa mwezi wamawa. A Saulos, mkulu wa mpingo, akhoma kale zikhomo za manambala pa mitumbira, ndipo ine andipatsa ntchito yolemba amene wagona pa nambala iliyonse, poti "Nomatter wa Naomi amaphunzira makompyuta ku Chinhoyi." Okumba adzabweretsa mabokosi molingana ndi zimene ndilembe. Dzina limodzi, bokosi limodzi. Amene sindimulemba atsala pansi pa fodya.

Ndavomera mwamatama, ndisaname.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Kapulogalamu katheka, m'chinenero cha makompyuta cha Python. Dikishonale basi: nambala ya manda ndiye kiyi, ndipo kiyiyo ikusunga dzina. Anthu akubwera mmodzimmodzi kudzatchula abale awo. A Lazalo andidyera m'mawa wonse kufotokoza za azakhali awo a ku Dedza, amene sanapondeko n'komwe kuno ku Trelawney. Nkhalamba ikapeza khutu sitaya.

Lachinayi, 22 Ogasiti

A Lazalo abweranso. Akuti pa 9 pagona awiri, mng'ono wawo ndi mkazi wake, chaka cha kolera chija manda ankakumbidwa mothamanga. Ndalemba dzina la mkaziyo pa kiyi yomweyo, la mwamuna lafufutika lokha. Kompyuta osadandaula n'komwe. Munthu wangosowa, zii.

Ndafufuta angati kale osadziwa?

Ndatumizira Takudzwa, mnzanga wa m'kalasi. Wayamba ndi kuseka, chitsiru. Kenako: "Iwe sha, kiyi imodzi imagwira chinthu chimodzi. Chatsopano chikabwera, chakale chimachoka. Pa kiyi iliyonse ika mndandanda, mayina uziwonjezera kumapeto." Ndiye kuti kiyi isagwire chimanga m'manja, igwire dengu. Bwanji sindinaganize? Ndinangoyesa kuti dzenje limodzi ndi munthu mmodzi, ngati sindinakulire pakomboni pomwe chipinda chimodzi chimagona banja lonse.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Kuyambiranso. Khomo ndi khomo, laputopu m'khwapa, dzuwa lili pamutu. Ndapeza ena awiri amene ndinawafufuta Lachiwiri. Sindinauze eni ake.

Madzulo amayi anaima kumbuyo kwanga ndi beseni. "Ndiye nambala imodzi ikhoza kunyamula awiri?" Ndinayankha osacheuka kuti ngakhale khumi. Anangoti "Hoo," n'kutuluka.

Loweruka, 24 Ogasiti

Magetsi kulibe. Batire yatha.

Lamulungu, 25 Ogasiti

Titachoka kutchalitchi amayi sanavule n'komwe yunifolomu ya amayi a mvano. Anakhala pamphasa, akuti, "Tsegula 14." Pa 14 pali agogo, mayi awo.

"Kumiyendo kwawo kuli wina."

Ndinayesa akunena m'bale wa agogo. Ayi. Mwana wawo. Woyamba, asanabadwe achimwene anga a Limbani. Anabadwa atafa kale, ndipo mwana wotero amaikidwa ndi azimayi okhaokha, mwakachetechete, popanda maliro. Ngakhale abambo sanauzidwe malo ake. Amene anakumba kadzenjeko onse anapita, atsala iwo okha odziwa.

"Ndinati ndimuike pafupi ndi amayi anga, azimuona. Tsopano amayi anyamulidwe, iye atsale yekha m'munda?"

Ndakula ndikudziwa kuti kwathu tilipo awiri. Zinandiwawa, ndipo sindikudziwa ngati ndi chifukwa cha mwanayo kapena chifukwa cha zaka zonsezi amayi akusesa pa 14 okha, ine ndikuti amakonda agogo mopitirira.

Ndinafunsa dzina, poti pulogalamu imafuna kanthu koti isunge.

"Analibe. Sanalire n'komwe."

Kunja ana akukangana za mpira. Kenako anati, "Lemba kuti mkulu wake wa Nomatter."

Ndinalemba, ndinawonjezera kumapeto. Dzina la agogo silinachoke. Amayi anati ndiwerenge mokweza, ndinawerenga onse awiri.

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Ukawauze a Saulos, bokosi lakelo likhale laling'ono."