Kadontho Koyera pa Lamba wa Jupita

Loweruka, 8 Novembala

Thambo lotere sitinalionepo chaka chino. Mpweya unali bata, Jupita osanjenjemera konse pa sikirini. Tinakwera padenga la nyumba yathu yosanjikizana dzuwa litangolowa, ine ndi alamu, amuna a mng'ono wanga. Monga mwa masiku onse: telesikopu ndi yanga, kamera ndi yawo. Iwo amalondola pulaneti ndi kuwongolera galasi, popeza dzanja lawo lamanzere lija, lozolowera kuzula mano, silinjenjemera. Ine ndimakonza zithunzi pambuyo pake. Pa zaka zonse tagwira limodzi, chilichonse chimene tatumiza ku bungwe la okonda zakuthambo chapita ndi mayina awiri, tonse awiri titachiona. Pangano lathu ndi lokhalo, ndipo silinalembedwe paliponse.

Tisanayambe ndinajambula wotchi ya laputopu ndi foni yanga. Kabatire ka wotchiyo kanafa kalekale, padenga palibe intaneti, choncho imatsalira mmene yafunira, pamene foni imasunga nthawi yeniyeni ya chithunzi chilichonse. Alamu anaseka monga amachitira nthawi zonse. "Anthu akwera kudzajambula kumwamba, Apulofesa a masamu akujambula wotchi." Ndinawakumbutsa kuti nawonso asanazule amayamba afunsa kuti dzino lowawa ndi liti.

Chapakatikati anasiya kuseka. "Alamu, kodi ako n'kachiyani?" Kadontho koyera, kowala kwambiri, pa lamba wa mitambo wakum'mwera, chapafupi ndi Banga Lofiira lodziwika la pa Jupita. Pa zithunzi zathu za sabata yatha palibepo.

Lamlungu, 9 Novembala

Tsiku lonse pa kompyuta. Ndilembe pano mwadongosolo, chifukwa mawu omwewa ndidzawafuna pofotokozera a bungwe.

Jupita amazungulira kamodzi pa maola osakwana khumi. Vidiyo ikatalika kupitirira mphindi ziwiri, mawanga ake amakhala atasuntha, ndipo zithunzi zake zikasanjikizidwa zonse zimafufutika ngati inki yogwidwa isanaume. N'chifukwa chake timajambula mavidiyo aafupiafupi ambiri. Vidiyo iliyonse imapereka chithunzi chimodzi. Pulogalamu imakuta chithunzicho pa mpira, n'kuuzungulitsa: zojambulidwa koyambirira imazipititsa patsogolo, zakumapeto imazibweza m'mbuyo, mpaka zonse ziime pa mphindi imodzi yapakati. Zikatero zimasanjikizika popanda kufufutika. Koma pulogalamuyo sidziwa kanthu payokha. Imakhulupirira nthawi imene yauzidwa.

Ndayesa ngati kadonthoko ndi fumbi la pa kamera. Si fumbi. Fumbi limakhala malo amodzi pulaneti ikuyenda, pamene aka kakuyenda ndi lamba wake vidiyo ndi vidiyo. N'kenikeni. Ndinadzuka pampando n'kuzungulira m'chipinda ndekha ngati mwana.

Chithunzi choyeserera chatuluka bwino, koma zatsala ziwiri. Choyamba, mthunzi wa umodzi mwa miyezi ya Jupita unali pankhope pake, ndipo popeza mthunzi suyenda liwiro la pulaneti, watuluka wokokeka ngati mchira. Uyenera kukonzedwa pawokha. Chachiwiri, nthawi ikadali ya laputopu, yotsalira ndi mphindi khumi ndi zinayi. Kutsalirako sikuwononga kusanjikiza, chifukwa mavidiyo onse atsalira mofanana, koma kumaika chilichonse pa malo olakwika pa mapu.

Alamu anaimba foni. Ati titumize lero. Ndinati mawa ndi mkuja ndili ndi mapepala a mayeso, ndimaliza Lachitatu. "Wina atiphangira." Ndinati chithunzi chathu chili ndi tsiku lake, Loweruka silisuntha. Anati chabwino.

Lolemba, 10 Novembala

Kuchonga mayeso mpaka maso kuwawa. Pofika kunyumba ndapeza mausi ya kompyuta ili kumanzere kwa kiyibodi.

Lachiwiri, 11 Novembala

Chili pa tsamba la bungwe. Ndachiona pa nthawi yopuma, ndili ndi kapu ya tiyi m'manja. Kadontho katsopano pa lamba wakum'mwera. Wokaona ndi kukajambula: alamu. Dzina limodzi. Chithunzi chake ndi changa choyeserera chija, mchira wa mthunzi uli pomwepo.

Ndayesetsa kuiweruza nkhaniyi mwachilungamo, monga ndichitira ndi pepala la wophunzira amene sindimukonda. Anayamba kukaona ndi iwo; zimenezo n'zoona. Kamera ndi yawo, n'zoonanso. Kufulumira kuli ndi phindu pa nkhani zotere, ndikuvomera. Akanati anditumizire uthenga woti "ndatumiza, mundikhululukire," ndikanakwiya tsiku limodzi basi. Koma palibe imodzi mwa mfundo zimenezi imene ikufotokoza dzina limodzi. Kufulumira sikufafaniza dzina la munthu. Kulemba mayina awiri kumatenga nthawi yofanana ndi kutsokomola.

Sanaimbe. Inenso sindinaimbe.

Lachitatu, 12 Novembala

Kiyi wachiwiri wa nyumba yanga amasunga ndi mng'ono wanga. Ndinapita kwawo alamu ali kuntchito. Ndinamupeza akusita, ndipo atandiona anapitiriza kusita malaya amene anali atasalala kale.

Sanakane. Ati anawapatsa kiyiyo Lolemba m'mawa. Ndinafunsa ngati ankadziwa chimene akukatenga.

"Anati chithunzi chawo."

"Nanga za dzina?"

Anaimika simbi. "Achemwali, inu mayina muli nawo ambiri. Pa chitseko cha ofesi, pa mabuku, paliponse. Alamu anuwa chiyambire kugwira ntchito amangotchedwa adokotala a mano. Simungawasiyireko kamodzi kokha?"

Ndinamuuza kuti munthu amasiyira mnzake chinthu akachipempha. Ati akanapempha ndikanawaphunzitsa kwa ola lathunthu chifukwa chake n'zosatheka. Mwina n'zoona. Komabe ndinatuluka ndikudziwa kuti anakhala pansi awiriwo, m'nyumba imene ndimadyamo Lamlungu lililonse, n'kundikambirana, n'kugwirizana. Za alamu zinandikwiyitsa. Za mng'ono wanga zandipweteka koposa.

Lachinayi, 13 Novembala

Mkulu woyang'anira gawo la Jupita ku bungwe walemba pagulu pomwe, pamene tonse timawerenga. Mwaulemu, koma mosazungulira. Ati pa nthawi yolembedwa pa chithunzicho, Banga Lofiira silingakhale pamene likuoneka. Lasemphana ndi madigiri opitirira asanu ndi atatu. Mthunzi nawo ndi wokokeka. Munthu wina wa kutsidya kwa nyanja wajambula kadontho kofanana Lachiwiri, pa malo osemphana ndi athu ndi madigiri omwewo. Ngati alamu satumiza mavidiyo oyambirira ndi kufotokoza za nthawi pofika Lolemba, chithunzi cha Loweruka chichotsedwa ngati cholakwika pokonza, ndipo woyamba kukaona adzakhala wa kutsidyayo.

Sindinafune ngakhale pepala. Jupita amayenda digiri imodzi pa mphindi zosakwana ziwiri. Mphindi khumi ndi zinayi ndiye madigiri ake omwewo. Mavidiyo ali pa disiki yanga. Chithunzi cha wotchi chili m'foni mwanga, chomwe chija ankachiseka.

Ndavomereza pano pokha: ndinamva kukoma. Kwa kanthawi ndithu.

Lachisanu, 14 Novembala

Mitambo. Foni yalira kawiri, sindinayankhe.

Loweruka, 15 Novembala

Abwera okha masana, atagogoda. Ndinawauza kuti ndadabwa, ndimayesa masiku ano amangolowa. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano, zachilendo kwa munthu wa ntchito yawo.

Anakana mpando. Ati ayesa kutsegula pulogalamu ija kwawo, yawafunsa zinthu zimene sakuzidziwa. Ati, "Alamu, mungondiuza nambala yokonzera nthawiyo."

Ndinafunsa chifukwa chimene anachotsera dzina langa. Ati sanachotse, anangoiwala kulemba, anali pa changu, wodwala akudikira pa mpando. Ndinawakumbutsa kuti tsamba lotumizira limakumbukira mayina athu awiri kuyambira kale, ndipo kuti litsale limodzi pamafunika kufufuta linalo. Anayang'ana pawindo.

"Koma ndinakaona ndine."

"N'zoona."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

Ndinati vuto n'lakuti chimene anaona iwo chinali kachinthu kothwanima pa sikirini, koti kakanatha kukhala fumbi. Chimene anatumiza ndi umboni, ndipo umboniwo anautenga pa tebulo langa ine kulibe. Anati ndikukulitsa nkhani, ndife a banja limodzi. Kenako mawu anatsika. Ati anzawo akuchipatala aona kale dzina lawo, wina wamata chithunzicho pa khoma la chipinda chodikirira. "Chikachotsedwa ndikayang'ana bwanji anthu?"

Mawu oti pepani sanatuluke. Ndinawadikira mpaka pa chitseko.

Lamlungu, 16 Novembala

Sindinapite kukadya kwawo. Ndakhala ndikuyala nkhaniyi mbali zonse.

Ndikakhala chete, alamu achita manyazi pagulu, ndipo akuyenera. Koma chimene chichotsedwe si alamu. Ndi Loweruka lija. Kadonthoko kanalipo masiku atatu wina asanakaone, ndipo amene amatsata mmene mphepo za Jupita zimayambira akufuna tsiku limenelo. Kukhala chete n'kulola kuti mbiri ilembedwe molakwika ine ndikudziwa zoona zake. Zimenezo sindingathe, ngakhale ndayesa kudzikakamiza tsiku lonse.

Ndingathenso kutumiza ndekha kwa mkulu uja, n'kufotokoza zonse. Pamenepo ndiye ndawavula pagulu ndi manja anga, ndipo mng'ono wanga adzakhala pakati moyo wake wonse. Komanso pangano lija limati chinthu chisapite wina asanachione. Analiphwanya ndi iwo. Ine sindinaliphwanye.

Choncho ndamaliza ntchito. Ndaika nthawi yeniyeni pa vidiyo iliyonse, ndabweza kuzungulira kachiwiri, ndakonza mthunzi kukhala wobulungira monga unalili. Banga Lofiira lagwera pamalo pake ndendende, kadontho kagwera pomwe wa kutsidya uja anakapeza. M'munsi mwa chithunzi, pa mzere wakuda pamene timalemba nthawi zonse, ndalemba mayina awiri, lawo patsogolo popeza anayamba kuona. Ndaika zonse pa fulashi, pamodzi ndi chithunzi cha wotchi, n'kupatsira mng'ono wanga pa geti. Ndati awapatse atumize okha.

Anandigwira dzanja. "Zikomo achemwali." Ndinati asathokoze msanga.

Lolemba, 17 Novembala

Mkulu walandira. Ati ntchito yabwino kwambiri, ndipo chithunzi cha wotchi ndi chitsanzo chimene aliyense atengerepo. Loweruka laima. Woyamba kukaona: alamu.

Chithunzicho ndachiyang'ana nthawi yaitali ndisanazindikire chimene chikundisautsa. Chafupika m'munsi. Mzere wakuda adula. Nthawi ailemba pamanja m'mawu otsagana nacho, ndipo kumapeto kwake awonjezera kuti akuthokoza a m'banja mwawo powabwereka kompyuta.

Lachitatu, 19 Novembala

Kunja kwayera. Ndawerengera kuti kadontho katulukira m'mphepete mwa pulaneti kukangoda.

Madzulo ndinamasula kamera ku telesikopu, ndinaipukuta, n'kuiika m'bokosi lake pamodzi ndi zingwe zake zonse. Ndinaitana mng'ono wanga. Anabwera, anaona bokosi pa tebulo, sanafunse. Ndinatambasula dzanja. Anavutika kuchotsa kiyi pa mphete yake, zikhadabo zikuterera, ndipo sindinamuthandize.

"Ndikawauze chiyani?"

"Ukawauze kuti ndaipukuta."

Atapita ndinafufuza m'kabati kagalasi koonera ndi diso, kamene sindinakagwiritsepo ntchito chibwerere kamera. Ndinakwera nako padenga ndekha, maulendo angapo chifukwa cha kulemera kwa zitsulo, n'kukhoma chitseko cha padenga chakunja kwake. Laputopu ndinaisiya pansi. Kulondola pulaneti ndi dzanja langa kunandivuta. Kawiri konse inandithawa.

Jupita m'diso ndi wamng'ono kuposa mmene ndinkakumbukira, ndipo amawala kwambiri. Ndinadikira. Kenako mapazi pa masitepe, olemera, odziwika. Kugogoda. "Alamu? Ndikudziwa muli uko. Thambo ili labwino, tisalitaye."

Pamenepo n'kuti kadontho kakungosuzumira m'mphepete, koyera ngati kambewu ka mchere. Anagogodanso. Sindinachotse diso.