Mbale zinayi za atate anga

Aphungu,

Atate anga a zaka 71 andithetsa nzeru. Amakhala ku Matero, ndipo kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Anamwino anati ndiwachepetsere nsima, ine ndinamvera. Koma patha miyezi itatu shuga sakutsika, ndipo bala la kuphazi silikupola. Akuti likapitirira, phazilo adzalidula.

Sabata yatha ndinafika masana osawauza, ndipo ndinapeza mbale zinayi patebulo. Chimwalirireni amayi, aliyense amawapititsira chakudya: ba Felistus ochita lendi pakhomopo, ba Elina a kutchalitchi, ndi mlamu wanga Chipego. Kambale kanga komwe ndimawatumizira amangoyambira. Nditafunsa atate anati, "Mwana wanga, nizakana bwanji vakudya va bantu? Bazakamba ati nayamba matama." Ba Elina nawo anandilalatira kuti, "Mufuna kupaya mudala na njala?"

Ndikuopa kutchedwa mwana wankhanza, koma phazi la atate ndikuliopera koposa. Nditani?

L.T., Lilanda

Mayi L.T.,

Pukutani misozi, mdani palibe pano. Anthuwa amawakonda atate anu, kungoti chikondi chawo chasefukira m'mbale. Inu munalakwa pamodzi pokha: munalangiza mphika wanu, pomwe miphika ndi inayi.

Musawaletse kuphika, angakudeni. Aitaneni onse atatu Lamlungu, muwathokoze kaye, kenako mugawane masiku kuti mbale izibwera imodzi pa nthawi ya chakudya. Asonyezeni muyeso atate ali pomwepo. Nsima ifanane ndi chibakera chawo, theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga chibwabwa kapena kalembula, pambali kapenta kapena nyemba. Mafuta ndi mchere zichepe, ndipo maheu otsekemera asiye.

Ba Elina muwatenge popita kuchipatala, akadzimvere okha kwa anamwino. Anthu a pakamwa pakuthwa ngati amenewa akamvetsa, sipapezeka mlonda wowaposa.

Komanso ndikuganiza kuti atate anu sakulira nsima ayi, akusowa wodya naye. Wobweretsa mbale azikhala pansi n'kudya nawo, mudzaona kuti akhuta msanga.

Chenjerani, musawadumphitse chakudya chifukwa cha mantha, poti mankhwala a shuga m'mimba mopanda kanthu angawagwetse. Balalo anamwino akalionenso sabata ino. Olankhula alankhule. Mawu a ba Elina adzaiwalika, koma phazi likadulidwa silimeranso.

Aphungu