Wakumwezi Sasala

Lachiwiri, 4 Malichi

Ramadhani yayamba. Anzanga akulira ludzu, ine mwezi wanga ndi uno. Tsiku lonse osamwa madzi, popanda wondifunsa chifukwa. Kushopu ku Marabastad, kuno ku Joni, ndanyamula mabelo a mabulangete mpaka madzulo, thewera louma.

Inde, thewera. Mayi wamkulu ine, kuvala matewera a mwana wanga Aliya, odula ndi sizasi. Chibadwire mwanayu mkodzo sundimvera. Kutsokomola, watuluka. Kuseka, watuluka. Ndinasiya kuseka, anthu n'kumati Safiya Joni yamupatsa matama.

Amuna anga a Khalid sakudziwa. Amangoona ndikugona chakukhoma, nditavala ngati wa paulendo. Kudandaula anasiya kalekale, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundiopsa.

Lachisanu, 7 Malichi

Swala ya madzulo ya mwezi uno amayi timakaswalira kwa alamu anga a Zuleka, achemwali awo a Khalid. Kapeti watsopano, amamusamala kuposa ana awo. Pa futali, pomasula kusala, ndinamwa tiyi. Uchitsiru. Kuwerama koyamba komwe, ndinamva kutentha kukutsika m'miyendo. Swala yafera pomwepo.

Ndinatuluka pamzere n'kuwanong'oneza kuti ndapita kumwezi. Anagwedeza mutu. Wakumwezi saswali, ndipo mwamuna samukhudza. Bodza limodzi landipumitsa konsekonse.

Lachitatu, 12 Malichi

Dailesi, wa ku Ntcheu amene timalongedza naye katundu, wandipeza kutoileti ndikuchapa siketi pasinki. Sanaseke. Akuti ndipite kukiliniki.

Kuyankhula n'kosavuta. Kukiliniki manesi amakulalatira m'Chisutu, ukasowa choyankha amakulalatira m'Chingerezi. Changa Chingerezi chimathera pa mitengo ya mabulangete. Amayi a kwathu tonse kuno wotimasulira ndi mmodzi, a Zuleka. Amadziwa amene ali ndi shuga, amene amamwa ma ARV, amene anapita padera, ndipo mzikiti wonse umadziwanso. Ndikawatsegulire zanga amenewo? Kwathu ku Machinga mkazi akamachucha atabereka amati anayenda ndi amuna ali ndi pakati. Amene anayambitsa mawu amenewo sanaberekepo ngakhale khoswe.

Kufunsa a shehe za swala yanga, nawonso ndi mwamuna.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndagwidwa, ndipo ndadzigwiritsa ndekha.

A Zuleka anabwera masana kushopu, ati kudzaona makatani. Kunja kukuotcha. Anatulutsa botolo la madzi ozizira m'chikwama n'kundipatsa mwachifundo chonse. Ine pakamwa panga: zikomo alamu, ndasala.

Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. “Wakumwezi amasala, mlamu? Nanga mwezi wanuwo ndi wa mtundu wanji, wosatha?”

Mwana wa madrasa aliyense amadziwa kuti wakumwezi sasala. Ine ndinasiya swala n'kugwiritsitsa kusala, chifukwa kusalako ndi kumene kumandiumitsa. Botololo anabwera nalo dala. Mfiti ya mzimayi.

Loweruka, 22 Malichi

A Khalid sanadye chakudya changa. Achemwali awo awawerengera bwinobwino. Mkazi wonama kuti ali kumwezi, wothawa mwamuna wake pamphasa, wosintha zovala kuntchito, akubisa mimba. Ndipo mimbayo mwini wake si iwo, poti iwo anandikhudza liti? Atchula mpaka dalaivala wa kushopu, munthu wa mano atatu.

Ndinalumbira. A Khalid anati malumbiro ndisunge, Lolemba ndipita kukiliniki ndi a Zuleka akandiyeze. Akapeza mimba, talaka, ukwati watha.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona. Aliya anali pamiyendo pawo, wouma, wonunkhira sopo. Mwana wasiya matewera, amake ayi. Ndinatseka.

Lolemba, 24 Malichi

Mimba palibe. Koma nesi anaona thewera.

Nesi wake wachikulire, osati olalata aja. Anandifunsa, ndinayankha, zonse kudzera mwa a Zuleka, amene maso awo anali kuwala ngati apatsidwa mphatso ya Idi. Kenako nesi anayankhula nthawi yaitali. Amafumbata dzanja n'kulitambasula, kuloza pamimba pake, kundigwira paphewa. Mawu onsewo alamu anga anawamasulira mwachidule chodabwitsa: “Akuti munang'ambika pobereka, sizichira. Muzingovala matewera.”

M'takisi ndinalira. Iwo ali pafoni, chala chikuthamanga.

Lolemba, 31 Malichi

Idi. Ndinaphika mpunga wa nyama n'kupita nawo kwa alamu. Mbale yanga inabwerera yodzaza, palibe anaigwira. Pa sofa, pamalo anga, anayalapo pulasitiki yakuda ya zinyalala. Amayi akuluakulu, ovala zoyera, angochoka kumene kopempha chikhululuko kwa Mulungu, akuseka m'mipango. Wina anauza mwana wake kuti asandikhale pamiyendo, anyowa.

Ndinakhala pa pulasitikipo. Ndikanatani? Imalira ndikangosuntha pang'ono.

Ine ndimayesa a Khalid asangalala kuti mkazi wawo si hule. Mawu awo: “Akanakhala mwamuna ndikanakamuthyola. Nanga izi ndimenya ndani?” Asamukira pabalaza. Kapu yawo akutsuka okha.

Lachiwiri, 15 Epulo

Kwa a Zuleka kwafika mtsikana wochokera ku Mangochi. Ati mwana wa mnzawo, wadzafuna ntchito. Ntchito yake ndaiona. Kuperekera tiyi kwa amuna anga, kuseka mokweza chilichonse chimene anena. Aseke, chikhodzodzo chake chikadali chatsopano.

A shehe akuti anauzidwa kuti matenda anga ndi osachira, ndi achipatala omwe anatero. Mwamuna apirire mpaka liti? Aliyense akumvera chisoni a Khalid. Awonda, ati.

Ndimawafunabe. N'zochititsa manyazi kuposa mkodzo.

Lachinayi, 8 Meyi

Dailesi wandikoka ngati mbuzi mpaka kukiliniki, wataya tsiku lake la ntchito. Nesi yemwe uja. Atandiona anakwiya, akufunsa chifukwa chimene sindinabwerere tsiku limene anandiuza. Tsiku liti?

Dailesi amamasulira mawu ndi mawu, nkhope itagwa. Sindinang'ambike. Minofu yogwira mkodzo inafooka pobereka, basi, ndipo mabelo aja akuwonjezera. Amayi otere amawaona sabata iliyonse. Kufumbata dzanja kuja amandiphunzitsa kulimbitsa minofuyo. Ambiri amasintha pa miyezi yochepa, zikakanika amakutumiza kuchipatala chachikulu. Zonsezi ananena tsiku lija, a Zuleka ali pompo akugwedeza mutu.

Ndinathamanga kuchokera pa renki ya matakisi mpaka kunyumba. Ndinafika nditanyowa mpaka m'mabondo, osasamala. Zimachira, bambo a Aliya, achemwali anu ananama, zimachira.

Ndinapeza chikwama changa chili pakhomo, chomangidwa kale. Chomanga a Zuleka, ndimadziwa mfundo zawo. Mkati mtsikana uja akupesa Aliya tsitsi. Ukwati anamanga Lamlungu, ine ndili kushopu.

A Khalid anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanatsutse kanthu. Anayang'ana siketi yanga, kenako pansi pamene ndinaima.

“Ngati zimachira, ukachirire kwa amako. Mwanayu atsala.”

Ndikulemba ndili kwa Dailesi, pansi. Wandiyalira bulangete lake labwino, osaika kanthu kunsi. Tsiku lobwerera kukiliniki ndi Lachiwiri. Basi ya ku Malawi imene a Khalid andidulira tikiti ikunyamuka Lolemba.