Njinga ya Achimwene Yasanduka Nkhanga

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja wayamba kuwalola kuyenda, kapena akulamulirabe dziko ali pakhonde? Ine kuno m'thupi ndili bwino. Za m'mutu musafunse. Kalatayi mukawerengere kuseri kwa nyumba, ndipo musachite zanu zija zowerenga mokweza, chifukwa makutu a amayi amagontha pokhapokha munthu akamawakumbutsa za mankhwala.

Nkhani ndi ya njinga yamoto ya achimwene, yakuda ija mumangoimva koma simunaionepo. Akuntchito kwawo awatuma kutali kwa masabata atatu, ndiye anaisiya pakhonde panga. Malamulo anandipatsa atatu: ndisaikwere, ndisaibwereketse, ndisaiyang'anitsitse. Kiyi anapita nayo, kusonyeza mmene amandikhulupirira.

Lachiwiri la sabata yatha eni nyumba anaitana wopenta kuti apope penti yoyera pageti. Munthuyo anabwera ndi makina ake opopera, mphepo nayo inabwera yosaitanidwa. Chakudza sichiimba ng'oma. Pochokera kuntchito ndinapeza theka la penti lili pageti, theka linalo lili panjinga. Thanki, mpando, galasi lakutsogolo, ponseponse timadontho toyera ting'onoting'ono. Njinga yasanduka nkhanga. Ukapititsa dzanja pathanki umamva ngati ukusisita chibwano cha munthu amene sanamete masiku awiri.

Wopenta anandiuza kuti wolakwa ndi mphepo, ndipo mphepoyo sanabwere nayo iye. Eni nyumba anati iwo anaitanitsa geti loyera, za nkhanga sakuzidziwa. Kenako alangizi anasonkhana. Mayi woyandikana nane anati ndithire palafini. Mlonda wa pasitolo anati mankhwala otsukira mano. Wina wongodutsa anati ndiipente yonse yoyera, achimwene akafunsa ndinene kuti yamera imvi powasowa.

Mawa lake ndinakaitana makanika wa pakona. Tinapeza wopenta wafika kale ndi botolo la thina, mankhwala aja amasungunulira penti, akufuna kuyambira pagalasi. Makanika anamugwira dzanja ngati wagwira mwana akuseweretsa mpeni. Anati galasi limenelo ndi dzina chabe, ndi pulasitiki, ndipo thina akalikhudza limachita chifunga chosatha, achimwene aziyenda ngati kunja kukugwa mvula chaka chonse. Anandiuza kuti ndiliphimbe ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda a sopo, penti ifewe, kenako ndizikanda pang'onopang'ono ndi chikhadabo kapena khadi lapulasitiki. Timadontho tokanika ndizitipaka mafuta ophikira pang'ono.

Ndinakanda masana onse, kadontho kamodzikamodzi, ndi khadi langa lakale la kuyunivesite. Mukawauze amayi kuti maphunziro aja ayamba kugwira ntchito. Galasi linayera mbee, ndipo ndikanakhala wanzeru ndikanalekera pomwepo.

Pa za thanki, makanika ndi wopenta anagwirizana koyamba. Onse anati penti ya kufakitale ndi yolimba, thina wochepa pakansalu, kupukuta mwachangu, palibe chimene chingaonongeke. Ndinapukuta. Kansalu kanabwera kakuda bii. Pathanki panatuluka chigamba chofiira.

Makanika anakanda pambali ndi chala, n'kunena kuti penti yakudayo ndi ya m'chitini, wina anapopa yekha kuseri kwa nyumba, ndiponso mofulumira. Anati njingayi inabadwa yofiira.

Achemwali, mtundu wa njinga ya malemu bambo mukuukumbukira.

Ndinadziuza kuti njinga zofiira zilipo zambiri padziko. Koma dzanja linapukutanso lokha, kumanzere, pafupi ndi chotsekera mafuta. Panatuluka mizere itatu yokandika, yoloza pansi. Inu ndi amene munakandinenera tsiku limene ndinajambula nkhuku ndi msomali pathanki ya bambo, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinu amenenso munaseka mpaka kugwa chifukwa nkhukuyo inali ndi miyendo itatu. Bambo anandikwapula, koma anakana kuifufuta. Ankati wakuba aliyense adzachita nayo manyazi.

Makanika akuti mizere yotere ili pathanki iliyonse, makiyi ndi zipi za majekete zimakanda. Wopenta akuti iye akuona foloko. Ine ndinasiyira pomwepo. Ndikapukuta m'mwamba mwake pakhoza kutuluka mutu wa nkhuku, pakhozanso kusatuluka kanthu, koma chigamba chizingokula. Panopa chafika kale ngati chikhatho changa.

Tsopano kumbukirani mmene zinayendera zaka zinayi zapitazo. Maliro atatha, abambo aang'ono ananena kuti njinga akaisunga kwawo. Tonse tinkadziwa kuti chimene iwo asunga chimasungika mpaka kalekale. Wailesi ija akuisungabe. Tsiku loti adzaitenge, njinga inapezeka kuti mulibe m'shedi. Amene anakuwa kwambiri anali achimwene. Amene anathamangira kupolisi anali achimwene. Amayi anakhala masiku awiri osadya, ndipo mpaka lero njinga yamoto ikamadutsa pamsewu amasiya chiganizo pakati, n'kutchera khutu mpaka itapitirira.

Patapita chaka achimwene anandionetsa njinga yakuda kuno, n'kunena kuti agula kwa mnzawo. Mwaonapo kuti sanabwerepo nayo kwathu? Nthawi zonse amakwera basi, ati msewu ndi woipa. Msewu womwewo bambo anauyenda zaka khumi ndi zisanu atanyamula amayi kumbuyo.

Ndiye ndiwatche ndani achimwene? Ngati anaibisa kuti abambo aang'ono asaitenge, anachita zimene tonse tinkalakalaka koma tinalibe mtima wake. Nanga bwanji osawanong'oneza amayi, n'kuwasiya akulira? Ngati anangoiba, ndi wakuba wanji amene amasiya katundu pakhonde la munthu yekhayo amene anasainapo ndi msomali? Mwina nkhuku ija anaiiwala. Mwina sanaiiwale, angotopa kusenza okha nkhaniyi. Mwinanso palibe nkhuku, pali foloko ya wopenta, ndipo ine ndikuweruza munthu amene ankandibereka kupita kusukulu mvula ikagwa. Nambala yake ndi ina, koma makanika akuti nambala ndi mabawuti awiri basi. Ya bambo inalibe galasi, koma galasi amagula. Chilichonse ndikachigwira chikumandiyankha kuti eya ndi ayi nthawi imodzi.

Dzulo achimwene anaimba foni kufunsa ngati njinga ili bwino. Ndinawauza kuti galasi silinayerepo chonchi chiigulireni. Anandithokoza. Bodza sindinaname.

Pempho langa ndi limodzi. M'sutikesi ya amayi muli jekete la bambo la bulauni. M'thumba lam'kati muli kiyi yapadera ya njinga, yomangidwa pachingwe chobiriwira. Amayi anaisiya momwemo, ankati njinga ikadzapezeka idzafunika. Muitenge, muiike mu envulopu, mupatse dalaivala wa basi ya Lachisanu, ine ndikamudikira kudepoti. Amayi akakupezani mukufufuza, nenani kuti mukuyanika zovala chifukwa cha njenjete. Kunama mumakutha, munayamba kale pa nkhani ya mbale yosweka ija imene ndinakwapulidwira ine.

Achimwene afika Lamlungu. Wopenta wandisiyira chitini cha penti yakuda, mwa kupepesa kwake, ndipo chili patebulo pano chikundiyang'ana. Kiyi ikakana kulowa, ndipopa chigambacho, ndiulula za geti zokha, ndipo kukalipa kwawo ndikulandira ndi manja awiri, chifukwa ndidzakhala nditawalakwira chachikulu chimene sadzachidziwa. Inunso kalatayi mudzaiotche.

Koma ikalowa n'kutembenuka, sindiphimba kanthu. Ndipukuta mpaka nkhuku yonse ituluke, ndi miyendo yake itatu, ndiike njinga pakhomo, ndikhale pambali pake kuwadikira. Sindikudziwa kuti ndidzayamba ndi kuwatukwana kapena kuwathokoza. Chimene ndikudziwa n'chakuti ulendo wotsatira wobwera kwathu sitikwera basi. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo, ndipo inu mudzaonetsetse kuti amayi akhala pansi, chifukwa adzaizindikira isanakhote pakona.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya bwino ndipo ndikusamba. Moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa azakhali ngati abwerako kuchipatala. Abambo aang'ono musawapatse moni wanga, angausunge.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa amayi,
uja mumati Pulofesa.